Mwana Si Chikole

Abale ndi alongo a nthambi yathu ya Lifuwu, mwezi uno tifuna kulankhula za ana amene achoka m'midzi mwathu popanda wodziwa bwino kumene apita. Ife a ntchito ya uphunzitsi tiziona zimenezi m'kaundula wa sukulu. Mvula ikagwa, chimanga chikatha m'nkhokwe, dzina liyamba kuitanidwa popanda woyankha. Sabata yoyamba mphunzitsi aganiza kuti mwana wadwala malungo. Yachiwiri afunsa anzake. Yachitatu amva kuti anapita kuntchito ndi amalume ena. Amalumewo mukawafufuza si a mtundu wake wa mwanayo, si a mudzi wake, ndipo palibe amene adziwa kwao.

Machitidwe awo sasintha. Munthu afika pakhomo pa njala atavala bwino, napereka moni waulemu, nasiya ndalama pang'ono kapena thumba la chimanga, nalonjeza kuti mwana adzalandira malipiro ake pakutha pa chaka ndipo adzabwera ndi njinga. Anyamata atengedwa kupita kuminda ya fodya ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Mzimba, ena aolotsedwa malire kukaweta ng'ombe ku Zambia. Atsikana auzidwa kuti akalera khanda ku Lilongwe, ndipo ena mwa iwo athera m'mabala ndi m'nyumba zogona alendo, kumene agulitsidwa kwa amuna a msinkhu wa atate awo. Chaka chikatha malipiro aja sapezeka, pakuti bwana awerengera ufa, sopo ndi ulendo, napeza kuti mwana ndiye ali ndi ngongole.

Ife a m'mbali mwa nyanja ino sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa za malonda a anthu. Kumpoto kwathu kuno, ku Nkhotakota, a Jumbe anali kusonkhanitsa akapolo ndi kuwaolotsa nyanja m'zombo, ulendo wa ku Kilwa. Pambuyo pake azigogo athu anapita ku Joni ndi Wenela, kufikira ndege inagwa ku Francistown mu 1974 nipha anthu a kuno 74, boma niliimitsa kulembako. Komatu a Wenela aja anali akuluakulu, anali ndi chikalata cha pangano, ndipo tsiku lobwerera linali lodziwika. Mwana wotengedwa lero alibe chikalata, alibe tsiku, ndipo kawirikawiri sadziwa ngakhale dzina la mudzi umene wagonamo.

Za fodya tinenepo pang'ono, chifukwa makolo ena ayesa kuti ndi ntchito yopepuka yothyola masamba basi. Tsamba lauwisi, makamaka lonyowa ndi mame, lilowetsa ululu wake m'thupi kudzera pakhungu. Bungwe la Plan linafalitsa mu 2009 zimene linapeza pakati pa ana ogwira ntchito m'fodya m'dziko muno: pa tsiku lachinyezi mwana angathe kulandira ululu wofanana ndi ndudu 50. Ndicho chifukwa chake ana otere amva mutu, chizungulire ndi mseru. Mu November 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi aziyamba waimitsidwa pamadoko ake chifukwa cha nkhani yomweyi. Anthu a kutsidya kwa nyanja yamchere anachita manyazi ndi thukuta la ana athu. Kodi ife eni ake tikhale chete?

Tisaloze chala ku Kasungu kokha. Pitani kudoko usiku, nthawi ya usipa, muwerenge anyamata amene akwera m'maboti pamodzi ndi alovi, kukakoka chilimira mpaka mbandakucha. Ena sadziwa n'kusambira komwe. M'mawa afika m'kalasi maso ali psuu, akafika n'komwe. Ndipo tonse tidziwa, ngakhale sitikonda kunena pagulu, zimene zichitika kwa mtsikana wotumidwa kukagula nsomba wopanda ndalama zokwanira, masiku amene nsomba zasowa ndipo ogula achuluka. Wochita zimenezi sachokera kutali ayi. Tipemphera naye, tidya naye pamaliro.

Wina adzafunsa kuti, kodi tsono mwana asagwire ntchito? Agwire ndithu. Kuinga mbalame mumpunga akaweruka kusukulu, kutunga madzi, kuthandiza kuyanika usipa pathandala, zimenezi ndi maleredwe, ndipo ifenso tinakula nazo. Koma mwana akachotsedwa pa sukulu, akagona kwa mlendo, akagwira ntchito imene phindu lake adya wina, amenewo salinso maleredwe. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 liletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, ndipo ntchito zoopsa liletsa kufikira zaka 18. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 liletsa kupereka mwana ngati chikole cha ngongole. Lamulo la 2015 loletsa malonda a anthu liika zaka zofika 21 m'ndende kwa wogulitsa mwana, popanda mwayi wolipira faindi, ndipo wolakwayo sangadzipulumutse ponena kuti mwanayo anavomera yekha. Mu 2017 aphungu anakonzanso malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, ndipo sangalowe m'banja.

Malamulo alipo okwanira. Chimene chiwafooketsa ndi chizolowezi chathu chothetsa nkhani zotere pansi pa mtengo. Mafumu athu tiwalemekeza, ndipo milandu ya malire a munda ndi ya mbuzi zodya mbewu aiweruza bwino koposa khoti lililonse. Koma munthu wogulitsa mwana akalipitsidwa mbuzi ziwiri pabwalo, aona kuti malonda ake ali ndi msonkho wochepa, napita mudzi wina kukatenganso mwana wina. Mbuzizo adya ndi akuluakulu, mwana wolakwiridwa salawako ngakhale msuzi. Mlandu wotere ndi wa kupolisi, ndipo mfumu yanzeru iuperekeza yokha kumeneko. Anansi athu a ku Dedza anaona mu 2015 Inkosi Kachindamoto ikuthetsa maukwati a ana mazanamazana, ndi kuimitsa nyakwawa zimene zinawavomereza. Ufumu wake sunachepe nazo.

Tsono tifike pa mwana amene wabwerako, pakuti apa ndi pamene mudzi ulephera kwambiri. Mnyamata afika wowonda, wopanda njinga, wopanda tambala, ndipo anzake amseka kuti watchona wabwera chimanjamanja. Kunyumba amyang'ana ngati wawononga, chifukwa thumba la chimanga lija linadyedwa kale ndipo mwini wake angabwere kudzalonjerera. Mtsikana ndiye zake zikula: amayi pachitsime aleka kulankhula iye akafika, amtcha maina amene sitingalembe m'kalata ino, ndipo ngati ali ndi pakati, mlandu wonse ugwera iye. Mwana wolandiridwa chotere sakhalitsa. Pakapita miyezi iwiri abwerera kumene anachoka, tsopano ndi miyendo yake, pakuti kumeneko samseka. Wogulitsa uja adziwa zimenezi bwino lomwe, ndipo adalira pakamwa pathu kuti timbwezere katundu wake.

Mwana wotere asafunsidwe mafunso pagulu. Adye, asambe, agone, ndipo mayi mmodzi kapena bambo mmodzi amene iye amkhulupirira akhale naye pafupi kufikira atayamba kulankhula yekha. Atengedwe kuchipatala msanga, makamaka mtsikana, chifukwa mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV agwira ntchito pokhapokha ayambidwe asanathe maola 72. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo pa boma ku Salima pali ofesi ya Social Welfare. Wa nthambi amene adziwa kulemba aperekeze banjalo, pakuti munthu wosauka aopa khomo la ofesi. Amene ali ndi foni aimbe 116, nambala yothandiza ana imene salipira. Ndipo tiwauze makolo momveka kuti lamulo la 2015 lija liteteza wogulitsidwayo: mwana amene anaolotsedwa malire popanda chiphaso ndi wolakwiridwa, si wolakwa.

Kusukulu malo ake alipo. Pulayimale ndi yaulere chiyambire 1994, ndipo chiyambire 1993 mtsikana amene wabereka aloledwa kubwerera m'kalasi. Kwa aphunzitsi anzathu tinena ichi: mnyamata wa zaka 15 wobwerera mu Sitandade 4 wachita chinthu cholimba mtima koposa chimene ambiri a ife tinachitapo. Musamuike kutsogolo pakati pa tiana kuti asekedwe, musamubweze chifukwa cha yunifomu, ndipo akagona m'kalasi masiku oyamba mufunse kaye musanatenge mkwapulo.

Tidziwa kuti kholo lopereka mwana silichita chifukwa cha kuuma mtima. Ichititsa ndi njala ya Januwale ndi Febuluwale, ndipo kulalikira munthu wanjala ndi kutaya mawu. Chifukwa chake pamsonkhano ukudzawu komiti idzaika patsogolo panu zinthu izi. Wapampando wa mudzi uliwonse abwere ndi maina a ana amene sali pakhomo, kumene anapita, ndi amene anawatenga. Mlembi adzayerekeza mainawo ndi kaundula wa sukulu. Mabanja osungidwa ndi agogo kapena ndi ana okhaokha alembedwe padera, kuti tikawalankhulire kwa oyendetsa Mtukula Pakhomo. Eni maboti a m'nthambi yathu tidzawapempha alonjeze pamaso pa anzawo kuti sadzakweza mwana wa sukulu usiku. Ndipo aliyense wokolola mpunga chaka chino aganizire za ndowa imodzi yoika m'nkhokwe ya nthambi, kuti mlendo wa thumba la chimanga akadzafika pakhomo la mayi wamasiye, adzapeze kuti ife tafikapo kale. Amayi abwere ambiri, pakuti ndiwo adziwa khomo limene moto sunayake dzulo.