Tsokonombwe Anatha Mtunda N'kudumpha

Makolo athu anatisiyira mawu akuti tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo ine ndikhulupirira kuti mwambi umenewu uyenera kumveka m'makutu mwa yense wofuna kulemba ndondomeko ya malonda ake, imene ana a lero aitcha pulani ya bizinesi. Pakuti ikangomveka mbiri yakuti bungwe lobwereketsa ndalama, kapena banki ina, likupereka ngongole, anthu amathamangira kwa olemba pa kompyuta m'tauni, nalipira kuti awalembere chikalata chonse usiku umodzi. Ndipo kukacha amanyamula mapepala osalala, amene mwini wake sangathe kumasulira ngakhale nambala imodzi ya m'katimo. Chimenechi chimandiwawa mtima, popeza tsiku lobweza likadzafika, wolemba uja adzakhala atadya kale zake, ndipo amene adzalandidwe katundu wa m'nyumba ndiye mwini dzina.

Tiyerekeze mayi wofuna kuweta nkhuku zoyera, za nyama, zokwana 100. Asayambe ndi kufunsa kuti akongole zingati. Agule kabuku ka sukulu ndi pensulo, nalembe pa tsamba loyamba funso limodzi lokha: adzagula ndani? Ndipo asaliyankhe ali chikhalire pakhonde, koma apite ndi mapazi ake kumsika, kwa okazinga chipisi ndi kwa eni malo odyera, nafunse kuti amatenga nkhuku zingati pa sabata, kwa yani, pa mtengo wanji, ndiponso ngati amalipira pomwepo kapena amati bwerani mawa. Mlungu wathunthu ungathere pa tsamba limeneli, ndipo sunatayike ayi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsamba lachiwiri ndilo la zolowa, ndipo pano mpamene ayenera kukhalitsa. Ambuye Yesu, mu Luka chaputala 14, anatichenjeza za munthu womanga nsanja osayamba wakhala pansi kuwerengera mtengo wake, amene anathera pa maziko, nasanduka choseketsa cha odutsa m'njira. Mayi wathu alembe mtengo wa anapiye. Alembe chakudya, podziwa kuti nkhuku imodzi imadya pafupifupi makilogalamu 4 kufikira tsiku logulitsa, ndiye kuti matumba 8 a makilogalamu 50 pa gulu lonselo, ndi kuti chakudyacho ndicho chimameza gawo lalikulu la mpamba. Alembenso katemera wa chitopa ndi wa gumboro, makala ofunditsa anapiye usiku, utuchi woyala m'khola, ndi ya kabaza wonyamula matumba kuchokera kusitolo. Zing'onozing'onozi n'zimene wolemba wolipidwa amaiwala, chifukwa sanadzukepo pakati pa usiku kukasonkhezera mbaula anapiye ataunjikana pakona ndi kuzizira. Mayi wathu asaiwale kuchotsera zakufa, pakuti walira mvula walira matope.

Pambuyo pake pabwere tsamba la nyengo, limene ambiri amalidumpha ngakhale kuti ndilo limagwetsa malonda. Kwa masabata 6 ndalama imangotuluka, yolowa palibe; ndipo nkhuku zikakhwima wogula asanapezeke, tsiku lililonse zimadya phindu la mwini wake. Msika wa Khirisimasi ndi wina, wa Januwale ndi wina, pamene matumba a anthu aphwa ndi fizi ndi feteleza. Mitengonso siikhala malo amodzi. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti yense amene anali ndi ndondomeko yolembedwa kamodzi n'kutsekera m'sutikesi anapeza kuti manambala ake onse asanduka bodza. Koma amene anawerengera yekha, mzere ndi mzere, anafufuta mtengo wa thumba, nalemba watsopano, nadziwa tsiku lomwelo kuti nkhuku aigulitse pa zingati.

Masamba amenewa akadzala, mayi wathu awaonetse kwa anthu, pakuti mutu umodzi susenza denga: kwa mlangizi wa ziweto, kwa anzake a banki m'khonde amene amadziwa bwino mmene iye amabwezera ngongole, kapena kwa alangizi amene ntchito yawo ndi kuphunzitsa amalonda ang'onoang'ono. Zolembetsa dzina la bizinesi ndi kutenga nambala ya msonkho ku MRA zili ndi nthawi yake. Ndipo tsamba la chidule, limene a banki amayamba kuliwerenga, lilembedwe potsiriza penipeni, zonse zitadziwika. Apo tsono ngoyenera kupita kwa wa kompyuta, kuti akangotayipa zimene mwini wake wazitsimikiza.

Komatu wina asandimve molakwa, nayesa kuti ndikuyamikira kuzengereza. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo alipo ambiri amene akhala zaka akunena za malonda amene sanawalembepo ngakhale mzere umodzi. Inu amene mukulingalira zokongola chaka chino, ndikupemphani, gulani kabukuko sabata ino, ndipo Loweruka likudzali mukafunse ogula atatu mtengo umene amalipira.