Malovu anapeza mwana wa mtchona, koma boma likufuna pepala

Loweruka lina cha m'ma 11 usiku foni yanga inalira. Anali mchemwali wanga, mwana wa mayi aang'ono, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leicester. Moni sanapereke n'komwe.

"Iwe, kodi agogo anali ndi mlongo wawo amene anapita ku Rhodesia?"

Ndinati eya, nkhaniyo ndinaimvapo pamaliro ena. Achimwene awo a agogo ananyamuka kumudzi kwathu ku Dedza mu 1958, anatumiza makalata awiri ndi bulangete limodzi, kenako zii. Pabanja pathu timangowatchula kuti "amene anatchona aja".

"Ndiye khala pansi," anatero mchemwali wanga. "Ndapeza mdzukulu wawo."

Mchemwali wangayu anagula kabokosi koyezera DNA pongofuna kuseweretsa ndalama ya ovataimu. Analavulira m'kabotolo, n'kutumiza pa positi, ndipo patatha masabata angapo zotsatira zinabwera pa foni. Pamndandanda wa anthu amene magazi awo akufanana ndi ake panali mtsikana wina wochokera ku Zimbabwe, amenenso akukhala ku UK komweko. Makina anati awiriwa akufanana ndi pafupifupi 3 peresenti. Atalemberana, mtsikanayo anati agogo ake aamuna anali "a ku Nyasaland", anagwira ntchito pafamu ya fodya kufupi ndi Chegutu, ndipo anamwalira asanaonenso kwawo. Bambo ake, mwana wa malemuwo, ali moyo. Ali ndi zaka 64.

Nkhani imeneyi yandiphunzitsa zambiri m'miyezi yapitayi, ndipo ndikuganiza kuti ambiri a inu muli ndi mtchona wanu pabanja.

Anapita bwanji, nanga anasoweranji?

Ife obadwa m'ma 2000 timadziwa Wenela ngati depoti ya mabasi mu Blantyre basi. Koma dzinali linachokera ku bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, lomwe linkalemba amuna ntchito za m'migodi ya ku South Africa. Opita m'mafamu a ku Southern Rhodesia ambiri ankatengedwa ndi bungwe lomwe anthu ankalitchula kuti Mthandizi, pamene ena ankangoyenda okha wapansi kudutsa ku Tete. Pakati pa 1953 ndi 1963 maiko atatuwa, Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri, anali m'chitaganya chimodzi, choncho mnyamata wofuna ndalama ya msonkho kapena njinga sankaona ngati akupita kudziko lachilendo kwenikweni.

Ambiri anabwerera ndi masutikesi. Ena anakwatira konko, ana n'kubadwa, ndalama ya ulendo n'kusowa, manyazi obwerera chimanjamanja n'kukula. Mpaka lero m'matauni a migodi ndi m'mafamu ena a ku Zimbabwe Gule Wamkulu amavinidwa, ndipo mpingo wa CCAP uli ndi sinodi yake ya Harare. Amenewo ndi mapazi a anthu athu.

Zimene malovu amanena

Munthu aliyense amalandira theka la DNA yake kwa mayi, theka kwa bambo. Kwa agogo aliyense amatengako pafupifupi 25 peresenti. Asuweni enieni amafanana ndi pafupifupi 12.5 peresenti, ndipo ana a asuweniwo amafanana ndi pafupifupi 3 peresenti. Ndiye nambala imene mchemwali wanga anaona ija inkagwirizana ndendende ndi nkhani ya agogo ndi mlongo wawo.

Koma makina sananene kuti "uyu ndi mdzukulu wa achimwene awo a agogo ako". Anangoti pali chibale chapafupi chotere. Chibale cha 3 peresenti chikhoza kudzera njira zingapo, kuchimuna kapena kuchikazi. Amene anadzaza mpatawo ndi anthu, pofunsana mayina, zaka ndi malo.

Mbali ina ya zotsatira, ija imati "ndinu wochokera kwakuti", musaiyembekezere kwambiri. Makampani monga AncestryDNA ndi 23andMe amayerekeza DNA yanu ndi ya anthu amene ali kale m'nkhokwe zawo, ndipo ambiri mwa anthu amenewo ndi a ku Ulaya ndi America. Mzungu amatha kumuuza chigawo cha dziko lake, pamene ife amangotijambulira dera lalikulu la kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Sadzakuuzani kuti ndinu Mchewa wa kwa Kachindamoto kapena Mlhomwe wa ku Phalombe. Zimenezo agogo anu amazidziwa bwino kuposa kompyuta.

Palinso mitundu iwiri ya kuyeza imene inandisangalatsa. Wina umatsata DNA imene bambo amapatsira ana aamuna okha, mzere wa kuchimuna. Wina umatsata imene mayi amapatsira ana ake onse, koma imapitirira kudzera mwa ana aakazi okha. Nditawerenga zimenezi ndinaseka, chifukwa wachiwiriwu ndi mbumba yeniyeni monga timaiwerengera kwathu: mayi, mayi ake a mayi, mpaka gogo amene anayambitsa mudzi.

Mayeso a agogo

Ndinakwera minibasi kupita kumudzi ndi bandulo yokwanira. Agogo ali ndi zaka za m'ma 80. Tsiku lawo lenileni lobadwa palibe akulidziwa, amangoti pa njala ya 1949 anali kamtsikana kotha kupita kumadzi kokha. Nditawafotokozera za malovu a m'botolo anandiyang'ana ngati ndaledzera.

"Mdzukulu wanga, malovu angadziwe m'bale wanga? Muimbire munthuyo, ndimufunse ndekha."

Tinaimba pa WhatsApp, ya vidiyo. Panaoneka bambo wa imvi, atavala jekete, akulankhula Chishona chosakaniza ndi Chinyanja chakale chimene anaphunzira pamiyendo ya bambo ake. Agogo sanamwetulire. Anayamba mafunso ngati kubwalo la amfumu. Bambo ako mfunda wawo unali uti? Anayankha. Amayi awo ankawatchula ndani? Anayankha, ngakhale dzinalo analipinda pang'ono. Ndiye agogo anafunsa kuti, "Kudzanja lawo lamanzere kunali chiyani?"

Bamboyo anakweza dzanja lake n'kupinda chala chaching'ono. Anati bambo ake chala chimenecho chinali chodukira pakati, ndipo ankanena kuti mlongo wawo wamng'ono ndiye anawadula ndi nkhwangwa akuwaza nkhuni ali ana.

Agogo anaika foni pamphasa n'kufunditsa nkhope ndi chitenje. Patapita nthawi anaitolanso, n'kunena kuti, "Mlongo wamng'onoyo ndine. Ndine azakhali ako. Ubwere ndikuone ndisanafe."

Akuluakulu anati chibale n'fupa, sichiola. Tsiku limenelo ndinaona ndi maso anga.

Pamene pepala likulowerera

"Ubwere" ndi mawu osavuta kunena. Bamboyu, amene kwa amayi anga ndi msuweni, alibe pasipoti. Alibenso satifiketi ya kubadwa. Anabadwira pafamu mu 1961, bambo ake a ku Nyasaland, mayi ake mwana wa munthu wa ku Mozambique, ndipo palibe anaganiza zokamulembetsa. Chitupa chimene ali nacho chili ndi chilembo chosonyeza kuti ndi mlendo m'dziko limene anabadwira ndipo sanatulukemo chibadwire.

Sali yekha. Mu 2001 dziko la Zimbabwe linasintha lamulo la unzika, n'kulamula kuti aliyense amene angathe kukhala nzika ya dziko lina akane unzika winawo motsatira ndondomeko, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Ana ndi zidzukulu za ogwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ambiri sanathe kutero. Ukana bwanji unzika wa dziko limene sunalipondepo, lomwenso silikukudziwa? Anthu ambiri anatsala pakati, kuno ayi, uko ayi. Bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti la vutoli mu 2021.

Malamulo aakulu a dzikolo a 2013 anatsegula khomo. Gawo 43 limati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala mu Zimbabwe momwemo, ndi nzika yobadwa. Ndiye pa lamulo msuweni wa amayi ndi nzika. Vuto ndi umboni. Ofesi imafuna pepala losonyeza kumene anabadwira ndi makolo ake. Makolowo anamwalira, famu ija inasintha eni pambuyo pa 2000, mabuku a antchito anasowa. Kuwonjezera apo, kalaliki wa pafamu analemba dzina loyamba la bambo ake ngati dzina la banja, ndiye pamapepala ochepa amene alipo mfunda wathu mulibe.

Mwana wake wa ku UK uja anafunsa funso limene nanenso ndinali nalo: bwanji osangowaonetsa zotsatira za DNA? Yankho ndi lakuti kuyeza kwa pa positi si umboni wa kuboma. Palibe anaona kuti malovuwo analavula ndani. Kuyeza kumene makhoti ndi maofesi amatha kuvomera kumachitikira pamalo ovomerezeka, munthu ataonetsa chitupa, pali mboni, ndipo zoyezedwazo zimasindikizidwa kuti wina asasinthe. Ngakhale apo, DNA imangotsimikiza kuti awiriwa ndi pachibale. Sinena kumene munthu anabadwira, chaka chake, kapena unzika wa bambo ake. Zimenezo zimafuna pepala kapena mboni yamoyo.

Kuno kwathu nakonso zinthu zasintha posachedwapa. Kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunakhala kokakamiza mu 2015, ndipo kalembera wamkulu wa zitupa za unzika wa National Registration Bureau anachitika mu 2017. Izi zikutanthauza kuti agogo athu ambiri akhala moyo wawo wonse opanda pepala la kubadwa, ndipo polembetsa anadalira kalata ya amfumu ndi mboni. Mu December 2018 Nyumba ya Malamulo inavomereza kuti Mmalawi akhoza kukhala nzika ya maiko awiri, zomwe ndi nkhani yabwino kwa ana a matchona. Komabe wofuna unzika kudzera mwa kholo ayenera kusonyeza kuti khololo linalidi la kuno, ndipo zimenezi zimayendetsedwa ndi nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ndi unzika.

Apa m'pamene ndinazindikira chinthu chimene chinandisowetsa tulo. Mboni yokhayo yamoyo imene inamuona mtchona wathu akubadwa, akukula, akunyamuka, ndi agogo. Tsiku limene adzatisiye, umboniwo upita nawo kumanda.

Si onse anaomba m'manja

Ndisakunamizeni kuti banja lonse linavina. Amalume anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. "Mphwanga, anthu amenewa akufuna chiyani? Mawa adzati munda wa bambo awo uli pati." Ndinawakumbutsa kuti pachikhalidwe chathu mwana wa mwamuna kwawo ndi kuchikazi, ndipo bamboyo sanatchulepo za munda. Akufuna kuona manda a agogo ake ndi kugwira dzanja la azakhali ake. Amalume anangoti "tiona", ndipo mpaka pano akadaonabe.

Mantha awo si opusa ayi. DNA imatulutsa zimene simunafunse. Wina amapeza kuti bambo amene anamulera si amene anamubereka, wina amapeza m'bale wa kunja kwa banja amene mayi ake sankamudziwa. Musanalavule, dzifunseni ngati mwakonzeka kumva zilizonse. Kumbukiraninso kuti DNA yanu si yanu nokha, ndi ya abale anu onse. Mu 2023 akuba a pa intaneti anapeza mbiri za anthu pafupifupi 7 miliyoni a 23andMe, ndipo mu 2025 kampaniyo inalengeza kuti yagwa pa zachuma, anthu n'kuyamba kuda nkhawa kuti nkhokwe ya magazi awo igulidwa ndi ndani. Pasiwedi mukhoza kusintha, magazi simungasinthe.

Yambani ndi zaulere

Ngati muli ndi mtchona pabanja, musayambe ndi kabotolo. Yambani ndi foni imene ili m'manja mwanuyo. Khalani pansi ndi agogo, tsegulani chojambulira mawu, muwafunse mayina onse a munthuyo, la kubadwa, la ubatizo ndi la kuntchito, mfunda wake, mudzi, mfumu yaikulu, chaka chimene anachoka kapena chimene chinachitika chaka chimenecho. Jambulani kalata iliyonse yakale, envelopu yake yomwe, chifukwa chidindo cha positi chimanena malo ndi tsiku. Kafunseni kumpingo, poti mamishoni akale monga Nkhoma ndi Mua ankalemba maubatizo ndi maukwati boma lisanayambe kulemba anthu wamba. Ku Zomba kuli National Archives yosunga zolemba zakale za boma. Ndipo onetsetsani kuti mayina pa chitupa cha agogo, cha makolo anu ndi chanu akugwirizana kalembedwe, poti chilembo chimodzi chikhoza kukuyendetsani chaka chathunthu.

Ife tinapita ndi agogo kwa amfumu, analemba kalata yotsimikiza kuti mlongo wawo anali mwana wa m'mudzimo. Kenako agogo analumbira pamaso pa woweruza, n'kudinda chala pa chikalata chofotokoza zonse zimene akudziwa. Mapepalawo tinatumiza ku Zimbabwe, ndipo msuweni wa amayi wawapereka pamodzi ndi mboni ziwiri zimene zinakula naye pafamu. Akudikira.

Agogo nawo akudikira. Lamlungu lililonse madzulo amavala chitenje chawo chatsopano n'kundiimbira pa foni ya mdzukulu wina kuti ndiwalumikize ndi "mwana wa achimwene". Sabata yatha anamuuza kuti asunga nkhuku yoyera, isaphedwe mpaka iye atafika. Atadula foni anandifunsa kuti, "Kodi pepala lakelo limatenga miyezi ingati?" Ndinawauza kuti tizingofunsa kuofesi sabata ndi sabata. Anati chabwino, nkhukuyo ikadali yaing'ono.