Mphatso ya womaliza maphunziro: duwa loti akadzale

Nyengo ya miyambo yopereka madigiri ndi madipuloma ikafika, maminibasi a pa msewu wa Liwonde ndi Zomba amadzaza ndi makolo, azakhali ndi amalume atatchena. Ife a kuno ku Domasi timaziona pafupi, poti Domasi College of Education ili pakhomo pathu, ndipo ku Chanco si kutali. Pafupifupi banja lililonse limakhala litanyamula nkhata ya maluwa a pulasitiki yoti likaveke mwana wawo m'khosi.

Nkhatayo sitikuinyoza. Imakongoletsa chithunzi, ndipo mayi amene anagulitsa mpunga ndi zitumbuwa kuti fizi ipezeke ayenera kusangalala tsiku limenelo. Koma tiyeni tiitsatire ikafika kunyumba. Imakolekedwa pa msomali, imatola fumbi ndi akangaude, ndipo pomaliza imaponyedwa pamoto pamodzi ndi zinyalala, utsi wake woipa uja n'kumalowa m'zifuwa za ana. Maluwa enieni odula nawo sachedwa kufota kukatentha. Chotidandaulitsa kwambiri n'chakuti mabanja ena amakatenga katapila chifukwa cha zinthu za tsiku limodzi, pomwe womaliza maphunziroyo angakhale miyezi yambiri asanaitanidwe ku ntchito.

Maganizo athu ndi awa: ngati nkhata ikufunika, gulani imodzi yotsika mtengo, kapena bwerekani kwa anansi amene anaveka wawo chaka chatha. Mphatso yeniyeni ikhale duwa lamoyo, lomwe mwanayo akadzale kumene akakhale.

Si zachilendo m'chigwa chino. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kuno ku Domasi kunatsegulidwa Jeanes Training Centre, komwe aphunzitsi ankabwera ndi akazi awo kudzaphunziranso zaukhondo, zaulimi ndi kasamalidwe ka pakhomo, kuti nyumba ya mphunzitsi izikhala chitsanzo m'mudzi. Lero mphunzitsi watsopano akatumizidwa ku sekondale ya kumudzi, nthawi zambiri amapeza nyumba ya bwalo losesedwa mpaka kuyera, lopanda mtengo ngakhale umodzi, msika wa ndiwo uli kutali. Pa Genesis 2:15 timawerenga kuti ntchito yoyamba imene munthu anapatsidwa inali yolima ndi kusamala munda. Digiri siichotsa ntchito imeneyo.

Tikadati tisankhe chimodzi, tikadasankha chidede. Duwa lake ndi lachikasu chotuwira, lofiira pakati, ndipo likagwa pamatsala zikhokhombe zofiira zija zomwe timayanika n'kumaviika m'madzi otentha. Chakumwa chake n'chowawasa bwino ndipo chilibe caffeine, choncho chimalowa m'malo mwa tiyi ndi khofi zomwe ife a Adventist timazipewa. Wachinyamata amene anazolowera zakumwa za m'mabotolo ku koleji ali ndi chosinthira, bola asathire shuga wambiri. Masamba ake ndi ndiwo, makamaka otendera. Chimafesedwa ndi mvula yoyamba, sichifuna feteleza wambiri, ndipo pofika nthawi yokolola chimanga chimakhala chitayamba kufiira. Chenjezo lake ndi limodzi: chidede chimatsitsako kuthamanga kwa magazi, ndiye amene akumwa mankhwala a BP ndi amayi oyembekezera ayambe afunsa kuchipatala asanayambe kumwa tsiku ndi tsiku.

Cham'mwamba ndi chachiwiri. Timachidziwa ndi masamba, koma chimachitanso maluwa oyera onunkhira omwe njuchi zimawakonda, kawirikawiri chaka choyamba chisanathe. Chimamera ndi njere kapena ndi nthambi yodula, ndipo chimapirira chilala. Masamba ake ayanikidwe pamthunzi, osati padzuwa. Mpendadzuwa nawo ndi wabwino kwa amene akufuna duwa looneka patali. Pakatha miyezi itatu kapena inayi njere zake amakazinga n'kudya.

Pali maluwa ena okongola omwe sitiyenera kupatsana. Oleander, chitsamba cha masamba aatali ndi maluwa apinki kapena oyera chomwe timachiona m'mipanda ya m'tauni, ndi poizoni kuyambira tsamba mpaka muzu, ngakhale utsi wake. Nyumba ya mphunzitsi imadzaza ndi ana, ndiye chimenechi ayi. Lantana imadwalitsa ziweto ndipo ikalowa m'munda situluka. Namasupuni ali ndi duwa lokopa maso, koma tonse tikudziwa mmene wavutitsira pa mtsinje wa Shire. Komanso duwa la m'chitini lisakhale ndi mbale ya madzi pansi pake: udzudzu umaswana m'madzi ongokhala, ndipo ife a kufupi ndi nyanja ya Chilwa udzudzu tili nawo kale wokwanira.

Nanga kaperekedwe kake? Mbande ya m'chubu imathyoka mu minibasi, ndipo imafuna kuthirira kufikira mvula itabwera. Njere zimayenda bwino. Ziumitseni, muziike m'timapepala tosiyana, mulembepo dzina la mbewu ndi mwezi wodzala, kenako muzitsekere m'botolo louma kuti anankafumbwe asalowe. Botololo likulungeni mu nsalu ya maluwa, yomwe mtsikana angasoketse diresi yopitira ku tchalitchi pa Sabata, kapena mnyamata angayale patebulo. Agogo akakhala ndi chidede chawo pakhomo, tengani njere za chimenecho, ndipo papepalapo mulembe kuti zachokera kwa iwo.