Chiphaso cha pakhoma sichiyeza madzi a mumtsinje

M'chaka cha 1996 bungwe loona za miyezo padziko lonse la ISO lidatulutsa muyezo wa ISO 14001, wotsogolera makampani pa kasamalidwe ka chilengedwe. Chaka chomwecho dziko la Malawi lidakhazikitsa lamulo loteteza chilengedwe, limene lidalowedwa m'malo ndi lina mu 2017. Ziwirizi zidabadwa chaka chimodzi, koma ntchito zake nzosiyana, ndipo kuzisokoneza nkoopsa kwa alimi ndi mitsinje yomwe.

Lamulo limamanga aliyense, pamene muyezo kampani imautsata mwa kufuna kwake. Kampaniyo imalemba ntchito zake zimene zingawononge nthaka, madzi ndi mpweya, nidziikira yokha zolinga, niphunzitsa antchito, nisunga kaundula. Kenaka oyendera ochokera ku bungwe lapadera amadzaona ngati zolembedwazo zikutsatidwa. Akakhutira amapereka chiphaso cha zaka zitatu, namabweranso chaka ndi chaka. Koma muyezowu sutchula mlingo wa zoipa zimene fakitale ingatayire m'madzi. Umangofuna kuti kampani ilonjeze kumvera malamulo a dziko ndi kumakonza zofooka zake. Choncho kumene lamulo lagona tulo, chiphaso nacho chilibe potsamira.

Alimi a tiyi ku Mulanje ndi Thyolo, ngakhalenso ku Chipinge m'dziko la Zimbabwe, amadziwa bwino chiphaso china, cha Rainforest Alliance, chija chili ndi chizindikiro cha chule. Mu 2007 kampani ya Unilever idalengeza kuti tiyi wake wa Lipton azichokera m'minda yokhala ndi chiphasochi. Ogula akuluakulu akatero, mawu akuti "mwa kufuna kwake" amasanduka dzina chabe, pakuti wopanda chiphaso amatsekeredwa kunja kwa msika.

Zabwino za chiphasochi palibe angazikane. Chimaletsa mankhwala oopsa kwambiri, chimalamula zovala zodzitetezera kwa opopera mbewu, ndiponso chimateteza mitengo ndi udzu wa m'mbali mwa mitsinje. Vuto nlakuti kuyenderako nkolipira, ndipo ntchito yosunga kaundula imalemera kwambiri pa mlimi wa kamunda kosakwana hekitala kusiyana ndi esiteti yokhala ndi makalaliki. Komanso woyendera ndi mlendo, ndipo akuluakulu adati mlendo ndi mame. Akachoka, amatsala ndi mtsinjewo ndi amayi otunga madzi kumunsi kwa fakitale.

Apa ndi pamene ofufuza za ulimi ayenera kulowererapo. Mabungwe monga Tea Research Foundation of Central Africa, la ku Mimosa m'boma la Mulanje, ndi masukulu aukachenjede a m'chigawo chino ali ndi akatswiri odziwa kuyeza nthaka ndi madzi. Ayenera kumayeza madzi kumtunda ndi kumunsi kwa mafakitale, m'dzinja ndi m'chilimwe momwe, ndi kufalitsa zotsatira m'zinenero zimene alimi amamva. Ogula akunja amene amafuna ziphaso asenze nawo mtengo wake. Boma nalo lisaleke kutuma oyendera ake chifukwa chakuti kampani yapachika pepala lokongola mu ofesi.

Chiphaso chimanena kuti kampani ili ndi dongosolo. Koma ngati madzi a mu Ruo akali oyenera kumwa, anganene zoona zake ndi yekhayo amene wawatunga nkuwayeza.