Ndani adzatanthauzire ziwerengero za m'zipatala zathu?

Pamene boma la America lidaimitsa thandizo lake kumaiko akunja mu January 2025, nkhawa ya ambiri m'dziko muno idali pa mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV. Koma chiganizocho chidaonetsanso poyera vuto lina lomwe silikambidwa kawirikawiri: makina a kompyuta osunga mbiri ya odwala, pamodzi ndi akatswiri owayendetsa, akhala akudalira kwambiri thumba la abwenzi akunja.

Ntchitoyi si yachilendo kuno. Mu 2001, Gerry Douglas adayamba kuyesa makompyuta ogwira ntchito pongokhudza galasi lake pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Ntchitoyo ndiyo idabala bungwe la Baobab Health, ndipo makinawo adafalikira m'makiliniki a ma ARV. Nawo Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera m'pulogalamu ya DHIS2, yomwe idapangidwa motsogozedwa ndi University of Oslo ya ku Norway.

Choncho ziwerengero zilipo. Kalaliki amalemba m'kaundula, mlangizi wa zaumoyo amapereka zake, lipoti la pamwezi limafika ku ofesi ya boma. Pamene pavuta ndi powerenga tanthauzo lake. Namwino amadziwa matenda, koma kusanthula ziwerengero si ntchito imene adaiphunzira mozama. Naye mnyamata wodziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta sangazindikire kuti odwala malungo achuluka m'lipoti chifukwa zipangizo zoyezera magazi zidatha, ndipo aliyense wotentha thupi adangolembedwa kuti ndi wa malungo. Maphunziro a health informatics ndi health data science amasula munthu woima pakati pa awiriwa, wodziwa za chipatala, masamu ndi kompyuta pamodzi.

Phindu la ukatswiri wa mtunduwu lidaoneka mu February 2022, boma litalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo. Kauniuni wa chibadwa cha kachilomboko ndiye adaulula kuti nkofanana ndi ka ku Pakistan. Kauniuniyo adachitikira ku South Africa ndi ku America, osati kuno.

M'sukulu zathu zaukachenjede zidutswa za maphunzirowa zilimo, koma zili padera padera. University of Malawi ku Zomba imaphunzitsa za kompyuta ndi masamu a ziwerengero. Kamuzu University of Health Sciences, yomwe idayamba kuima payokha mu 2021, ndiyo ili ndi madokotala, anamwino ndi mwayi wolowa m'mawodi. MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo zimasula mainjiniya a zipangizo za m'chipatala. Kutsegula digiri yatsopano pasukulu imodzi sikungathetse vutoli ngati sukuluzi sizigawana aphunzitsi ndi ophunzira. Wophunzira wa ku Zomba ayenera kuona ndi maso mmene kaundula amalembedwera pachipatala chaching'ono chopanda magetsi.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Wophunzira sangakhwime popanda kugwira ziwerengero zenizeni, koma mbiri ya munthu yemwe ali ndi HIV si yopatsirana wamba. Lamulo loteteza mbiri ya anthu la Data Protection Act la 2024 liyenera kuphunzitsidwa limodzi ndi masamuwo kuyambira chaka choyamba.

Chovuta koposa chikudza akamaliza sukulu. Malipiro a m'boma sapikisana ndi a mabungwe kapena a kunja, ndipo katswiri wa ntchitoyi amatha kulembedwa ntchito ndi kampani ya ku Nairobi kapena London ali chikhalire ku Area 47. Kufikira lero mabungwe ndiwo akhala akusunga ambiri mwa akatswiriwa m'dziko muno, ndipo ndalama za mabungwewo ndi zomwe zikuchepazi.

Ngakhale kafukufuku wamkulu wa Demographic and Health Survey, yemwe Malawi adayamba kumuchita mu 1992, ankayenda ndi ndalama za USAID, bungwe lomwe boma la America lidalitseka mu July 2025.