Giredi ya oyendera si umboni wakuti nyumba yopumulitsa makolo n'njotetezeka

Ku England kuli mawu amene akuluakulu a makhonsolo ndi eni makampani osamalira anthu amakonda kunena akafuna kukhazika makolo mtima pansi, akuti nyumba imene bungwe la Care Quality Commission laipatsa giredi yabwino ndi nyumba imene kholo lingasiyeko mwana wake wolumala n'kukagona tulo. Bungweli, limene linayamba ntchito mu 2009, ndilo limayendera zipatala ndi nyumba zosamalira anthu m'dzikomo, ndipo likamaliza kuyendera limapereka imodzi mwa magiredi anayi: Outstanding kwa malo opambana, Good kwa malo abwino, Requires improvement kwa malo ofunika kukonza zina, ndi Inadequate kwa malo osayenera. Popeza malipoti ake a chaka ndi chaka akhala akusonyeza kuti malo pafupifupi 4 mwa 5 aliwonse osamalira akuluakulu ali m'magulu awiri apamwambawo, mawu aja amamveka oona, koma zimene zaululika m'dzikomo kuyambira 2011 zikuwatsutsa, makamaka pa nkhani ya nyumba zopumulitsa osamalira.

Nyumba yopumulitsa osamalira ndi malo kumene munthu wolumala amene amakhala ndi abale ake amakagonako masiku ochepa, kaya awiri pa mwezi kaya sabata yathunthu, kuti mayi kapena bambo amene amamusambitsa, kumudyetsa ndi kumulondera usiku apezeko mpata wopuma. Ambiri mwa ogonera m'nyumbazi ali ndi ulumali wa ubongo, umene umayamba munthu asanakule ndipo umamuchititsa kuvutika kumvetsa zinthu zatsopano, kuphunzira ntchito ndi kudziyimira payekha moyo wake wonse. Ulumaliwu si misala, ndipo ena mwa amene ali nawo sayankhula n'komwe. Mpumulo wotere uli m'malamulo, chifukwa kuyambira 2011 makhonsolo akukakamizidwa kuupereka kwa makolo a ana olumala, ndipo lamulo la Care Act la 2014 linapatsa abale osamalira anthu akuluakulu ufulu woti zosowa zawo ziunikidwe. Kufunika kwake kunaoneka mu 2013, pamene bungwe la Mencap linapeza kuti osamalira 8 mwa 10 aliwonse amene linawafunsa anali atafika kapena kuyandikira pothera mphamvu chifukwa chosowa mpumulo.

Umboni wolemera kwambiri wotsutsa giredi unachokera ku Whorlton Hall, chipatala chaching'ono cha anthu aulumali wa ubongo m'chigawo cha County Durham. Mu 2015 woyendera wina wa Care Quality Commission, Barry Stanley-Wilkinson, analemba lipoti lodandaula za mmene odwala ankasamalidwira kumeneko, koma lipotilo silinatulutsidwe, ndipo mu 2016 gulu lina la oyendera linapatsa chipatalacho giredi ya Good. Giredi imeneyo ndiyo inalipobe mu Meyi 2019, pamene pulogalamu ya Panorama ya BBC inaonetsa zithunzi zimene mtolankhani anajambula atalowa ntchito mobisa, zosonyeza antchito akunyoza, kuopseza ndi kugwira mwankhanza anthu amene sakanatha kudziteteza. Kafukufuku wa David Noble mu 2020 anapeza kuti lipoti la 2015 lija linayenera kutulutsidwa, ndipo mu 2023 khoti linapeza antchito 4 olakwa pa mlandu wozunza odwala. Zithunzi za Panorama zija zinaonetsedwa patatha zaka 8 chiululikireni nkhanza za kuchipatala cha Winterbourne View pafupi ndi Bristol, kumene namwino Terry Bryan anachenjeza bungwe lomweli koma osamvedwa, ndipo antchito 11 anapezeka olakwa, 6 mwa iwo n'kupita kundende. Kwa ana, amene nyumba zawo zimayenderedwa ndi bungwe la Ofsted, nkhani ndi yomweyo: lipoti la mu 2022 linaunika za ana 108 amene anakhala m'nyumba za kampani ya Hesley Group ku Doncaster, zimene zinali ndi giredi yabwino pamene ana ankazunzidwamo.

Oteteza magiredi angayankhe kuti malo onsewa anali zipatala ndi nyumba zokhalitsa, osati zopumulitsa makolo, ndipo n'zoona. Koma kusiyanako kukulimbitsa chidandaulo m'malo mochichepetsa, chifukwa nyumba yopumulitsa ili ndi vuto lakelake limene woyendera wobwera tsiku limodzi kapena awiri sangalione bwino. M'nyumba yokhalitsa antchito amakhala ndi anthu omwewo chaka chonse, pamene m'nyumba yopumulitsa bedi limodzi limagonedwa ndi anthu ambiri mosinthana, aliyense akubwera ndi mankhwala ake, kadyedwe kake ndi njira yake yosonyezera ululu. Wina akamva kupweteka amangokhala chete, wina amadzimenya mutu, ndipo wina amene amavutika kumeza angatsamwidwe kapena kudwala chibayo akapatsidwa chakudya chosaponderezedwa bwino. Pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse aulumali wa ubongo amadwalanso khunyu, ndipo zizindikiro zakuti wagwa kapena watsala pang'ono kugwa amazidziwa ndi amene wamuona akugwa kambirimbiri. Connor Sparrowhawk, mnyamata wa zaka 18, anamira m'bafa atagwa khunyu kuchipatala cha Slade House mumzinda wa Oxford mu Julayi 2013, ngakhale mayi ake anali atauza antchito kuti akuona zizindikiro za matendawo, ndipo bwalo lofufuza za imfa linagamula mu 2015 kuti kunyalanyaza kunathandizira imfa yake. Chidziwitso chimene chikanamupulumutsa chinali ndi banja, ndipo palibe giredi imene imayeza ngati wantchito wa usiku wa Loweruka wachilandira.

Ubwino wa nyumba yotere wagona pa anthu amene ali pa ntchito usiku umenewo, komatu anthu amenewa sakhalitsa. Bungwe la Skills for Care linawerengera kuti m'chaka cha 2022 mpaka 2023 wantchito woposa mmodzi mwa anayi aliwonse osamalira akuluakulu anasiya ntchito yake, ndipo malo pafupifupi 152,000 anali opanda munthu. Mu Febuluwale 2022 boma linatsegula khomo kwa antchito ochokera kunja, ndipo ambiri anachokera ku Zimbabwe, Nigeria ndi India. Mlandu suli pa antchitowa, chifukwa munthu wolandira malipiro ochepa amene watumizidwa ndi kampani yobwereketsa antchito, n'kupatsidwa faelo ya mlendo amene sanamuonepo, sangadziwe m'maola awiri zimene mayi anaphunzira m'zaka 20. Nyumba imene inayenderedwa ili ndi antchito okhazikika ingakhale ndi nkhope zachilendo zokhazokha patatha chaka, giredi ili yomweyo pakhoma.

Ndipo magiredi ambiri ndi akale. Mu Julayi 2024 lipoti la Dr Penny Dash linasonyeza kuti malo pafupifupi amodzi mwa asanu aliwonse amene bungwe la Care Quality Commission lili ndi mphamvu yowayendera anali asanapatsidwepo giredi, kuti ena anali atatha zaka zambiri osayenderedwanso, ndipo nduna ya zaumoyo Wes Streeting inanena poyera kuti bungweli silikukwanitsa ntchito imene linakhazikitsidwira.

Chotsalira chimene eni nyumba amaloza ndicho kuchepa kwa madandaulo a makolo, ndipo apa m'pamene pakufunika kusamala kwambiri, chifukwa kholo limene lili ndi malo amodzi okha opumira silidandaula mwachisawawa. Zimene zinachitika ku Nascot Lawn mumzinda wa Watford zikusonyeza mantha amene mabanja ali nawo. Nyumbayo inkalandira ana olumala kwambiri ofunika anamwino, ndipo mu 2017 bungwe la zaumoyo la Herts Valleys linaganiza zosiya kupereka mapaundi 650,000 amene ankaiyendetsa pa chaka. Makolo anapita kukhoti lalikulu n'kupambana mu Febuluwale 2018, koma chaka chomwecho chisanathe nyumbayo inatsekedwa. Banja limene laona zoterezi limadziwa kuti kudandaula kungabweretse giredi yotsika, giredi yotsika n'kukhala chifukwa chotsekera, ndipo mayi amene sanagone usiku wathunthu kwa miyezi ingapo akapeza chilonda chosadziwika pa mkono wa mwana wake amayamba wawerengera zimene angataye asanatsegule pakamwa. Kukhala chete kwa munthu wopanda kothawira sikungawerengedwe ngati kukhutira, ndipo woyendera amene amalemba kuti abale ayamikira nyumbayo ayenera kufunsa kaye ngati abalewo ali ndi kwina kopita.

N'zoona kuti bungwe la Care Quality Commission laphunzirapo kanthu. Mu 2020 linatulutsa malangizo atsopano okhudza malo a anthu aulumali wa ubongo, ndipo linayamba kuchenjeza oyendera za malo otsekeka, ndiko kuti malo amene alendo salowamo kawirikawiri ndipo antchito amabisirana zolakwa. Lamulo la Health and Care Act la 2022 linalamulanso kuti antchito onse a malo olembetsedwa aphunzitsidwe za ulumali wa ubongo, ndipo maphunziro amene boma limalimbikitsa anatchedwa dzina la Oliver McGowan, mnyamata amene anamwalira m'chipatala ku Bristol mu 2016. Kuyendera n'kofunika ndipo sikuyenera kuthetsedwa, popeza kumagwira mankhwala osungidwa molakwika ndi zitseko zosatseguka moto utabuka. Cholakwa n'kuuza kholo kuti giredi yayankha mafunso ake onse, pamene silinauzidwe kuti woyendera anafika liti komaliza, kuti ndi antchito angati mwa amene adzakhalepo usikuwo anasamalirapo mwana wake, kuti alipo wodziwa kupereka mankhwala a khunyu mwadzidzidzi, komanso ngati lingaloledwe kulowa nthawi iliyonse popanda kuimba foni. Kuyambira 2015 lamulo limakakamiza nyumba iliyonse kupachika giredi yake poonekera, koma mayankho a mafunso enawa ali m'mabuku a zosinthana ntchito mu ofesi ya manijala, ndipo khonsolo imene imalipira bedilo ili ndi mphamvu yolemba m'kontirakiti kuti banja lizionetsedwa mabukuwo lisanasiye mwana.