Kodi Woyenda Pansi Adzere Kuti?

Pamene likulu la dziko lino linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe m'chaka cha 1975, akatswiri olemba mapulani anafuna kuti mzinda watsopanowo ukhale wonga munda. Anasiya nkhalango m'mphepete mwa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre, ndipo madambo anawasiya osamangamo kuti madzi apeze podzera, anthu apeze popumira. Kalembera wa 1977 anapeza anthu osakwana 100,000 mumzindamo. Wa 2018 anapeza 989,318. Anthu achuluka kakhumi, koma poyenda ndi poseŵera ana pakuchepa chaka ndi chaka.

Tsono ife tikufunsa: mzinda umenewu akumangira yani? Aliyense woima pamsewu mbandakucha amaona khamu la anthu a ku Mtandire, Kauma, Mgona ndi Chinsapo: alonda oŵeruka, amayi osenza madengu a ndiwo zamasamba, antchito a m'nyumba, ana a sukulu. Onseŵa ayenda pansi, ndipo ndiwo ochuluka. Komabe chuma chochuluka chapita kwa a galimoto. Mu 2021 mitengo yambiri ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta inagwetsedwa kuti msewuwo ukule. Sitikana kuti unkafunika kukula. Koma mthunzi umene unatayikawo unali wa munthu wapansi, pakuti wa m'galimoto amayenda ndi denga lake.

Choŵaŵa koposa ndi mipanda. Munthu agula puloti, amanga mpanda wa njerwa, pamwamba naikapo waya wamagetsi, ndipo kanjira kamene anthu adzeramo zaka makumi aŵiri kafa tsiku limodzi. Mwana amene ankafika msanga ku sukulu tsopano azungulira, nalimbirana mphepete mwa phula ndi maminibasi ndi akabaza. Agogo amene ankapita okha ku chipatala tsopano adikira woŵaperekeza. Kumudzi wotseka njira ya kuchitsime amaitanidwa ku bwalo la mfumu. M'tauni amamutama kuti wabweretsa chitukuko!

Taonaninso ku msika waukulu. Kwa zaka zambiri anthu akhala akulipira kuti awoloke mtsinje wa Lilongwe pa timilatho tamitengo tomangidwa ndi anzawo. Eni timilathoto sitiŵadzudzula, chifukwa anaona chimene chikusoŵa. Koma timilathoto ndi umboni wakuti anthu anasonyeza kale ndi mapazi awo pamene pafunika njira, ndipo olemba mapulani sanatsatire mapaziwo.

Zaka zapitazi Khonsolo ya Mzinda inalengeza ganizo loteteza magombe a Lilongwe ndi Lingadzi, kuti akhale malo obiriŵira odzeramo anthu. Ganizolo ndi labwino, koma otsutsa sasoŵa. Ena akuti: anthu alibe nyumba, inu mukulirira udzu? Aŵa akumbuke mwezi wa February 2017, pamene Lingadzi anasefukira nagwetsa nyumba ku Mtandire. Madzi saiŵala khwaŵa. Dambo likagaŵidwa mapuloti kumtunda, madzi amene likadasunga amakaloŵa m'nyumba ya mmphaŵi kumunsi. Enanso akuti njira za m'mitengo ndi mobisala achifwamba. Zoona, njira yosalambula, yamdima, yongodzera munthu mmodzimmodzi, ndi yoopsa. Mankhwala ake ndi kutchetcha, kuika magetsi ndi kuilumikiza ndi njira zina kuti izidzaza anthu. Kuitseka n'kungothamangitsira ana athu kumsewu, kumene ngozi yake ndi yoposa.

Nkhaŵa yathu yaikulu ili pena. Tikuopa kuti njira zatsopanozo zingadzakhale za othamanga Loŵeruka m'maŵa kuti achepetse mimba, zoyambira pa hotela ndi kuthera pa hotela, pachipata pali mlonda wolandira ndalama. Njira yotero ndi chokongoletsa chabe. Njira yeniyeni iyambe pamene anthu agona ndi kukafika pamene agwira ntchito, pamsika, pasukulu ndi pachipatala, ndipo paliponse pamene ikumana ndi mtsinje pakhale mlatho wolimba wosalipiritsa.

Inu aŵerengi okhala mumzindamo, nkhaniyi musaisiyire a m'maofesi okha. Funsani khansala wanu akuonetseni mapu a dera lanu: malo aseŵera ana anu analembedwa kuti ndi a yani? Kanjira mumadzera kaja kali pamapupo? M'miphakati, m'makomiti a sukulu ndi pamisonkhano ya mafumu lembani tinjira tonse timene mudzeramo, mukapereke ku Khonsolo lisanafike thirakitala. Ndipo Khonsolo isavomereze pulani ya mpanda uliwonse wodula njira ya anthu popanda mwini puloti kusiya mpata wodzera.